Tsiku limene ndinabisa adzukulu m'nkhokwe

Malemu amuna anga ankandichenjeza kuti, "Amake Fanesi, munthu akafika pakhomo ndi kope ndi cholembera, musamuuze zoona." Ndinawamvera, ndipo mpaka lero ku Milepa amandiseka nazo.

Fanesi atamwalira anandisiyira ana awiri, Esinati ndi Lonesi. Nthawi imeneyo mabungwe anali atachuluka, ndipo ndinamva kuchigayo kuti ena amatenga ana amasiye n'kupita nawo kutauni. Ndiye tsiku lina masana ndinaona atsikana awiri akutsika pakabaza, makope ali m'manja. Sindinachedwe. Ndinakweza adzukulu m'nkhokwe (munalibe kanthu, unali mwezi wa njala) n'kubwezeretsa denga.

"Odi agogo. Ndife ophunzira a ku yunivesite yatsopano ija, timaphunzira zosamalira anthu m'midzi. Mumakhala ndi ndani pano?"

"Ndekha."

"Nanga timadiresi tili pachingweti?"

"Ndi anga. Anachepa pochapa."

Ndinkayesa anyamuka. Koma atamva kuti ndili ndekha, chifundo chinawagwira. Wina anatenga tsache, wina ndowa. Anasesa, anatunga madzi, kenako anayala mphasa kuti andichezetse (ine thukuta kamukamu, diso lili kunkhokwe).

Apa Lonesi, amene anali ndi chifuwa chosatha, anatsokomola.

"Kodi m'nkhokwemo muli chiyani, agogo?"

"Nkhuku. Ili ndi chitopa."

Nkhukuyo inayankha yokha: "Agogo, ndikufuna kukataya madzi."

Ndinatola munsi n'kuima kutsogolo kwa nkhokwe. "Ana awa simuwatenga!"

Anaseka mpaka misozi. Wamkuluyo anati, "Agogo, tikagona nawo pati? Ifeyo kusukulu timapanikizana anayi chipinda chimodzi. Aphunzitsi athu amati mwana azikulira kwa abale ake. Koma chifuwa icho, mawa tipite nacho kuchipatala."

Anabweradi, ndipo pamzere anakhala nafe mpaka tinalandira mankhwala. Lonesi anachira. Adzukulu anga palibe anawakhudza.

Chaka chimenecho ophunzirawo anali awiri okha. Masiku ano amabwera odzaza minibasi, anyamata ndi atsikana, ndipo watsopano aliyense akangondipatsa moni amayamba kudziluma milomo kuti asaseke (ndikukayika, nkhani yanga ayenera kuti amaiphunzitsa m'kalasi). Ndimawadulira nzimbe ndithu, koma ndikamva minibasi ndimayamba ndalowetsa wailesi m'nyumba.

Mukamadutsa ku Milepa mudzandizondeko, miyendo yayamba kukana. Kungoti mudzaime kaye pamtengo wa mango paja, munene kuti ndinu mwana wa yani.