Khasu la Ada Kamanga

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa zaka zitatu. Koma popeza apongozi anga amaikamba pa chinkhoswe chilichonse, bola ndiinene ndekha, mwina manyazi angachepeko.

Ine ndine Tadala, kwathu n'ku Dedza. Ndinabwera ku Nkhata Bay kudzagwira ntchito ya ukalaliki pa ofesi ina pafupi ndi doko, ndipo kumeneko n'kumene ndinakumana ndi Wongani, mphunzitsi wa masamu, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Vuto silinali Wongani. Vuto linali mayi ake, aNyaManda, amene anaphunzitsa sukulu mpaka kupuma, koma maso awo sanapume nawo. Akakuyang'ana umamva kuti akukuchonga ndi bolopeni yofiira.

Tsiku limene Wongani anakandionetsa kwawo ku Chikale, mayiwo anandigwira dzanja, nalitembenuza, n'kuyang'anitsitsa zikhadabo zanga zopaka utoto. Kenako analisiya. Koma ndikutuluka ndinawamva akuuza mwana wawo kuti atsikana a mu ofesi manja awo amangodziwa kompyuta, ndipo pakhomo podalira chinangwa safuna zokongoletsa.

Mawuwo anandiwawa kwambiri. Ine amene ndinakulira m'mizere ya kachewere, amene ndinagwira khasu ndisanagwire pensulo! Komanso ndinkadziwa kuti mayiwo akapanda kuvomera, palibe malume a Wongani amene adzakwere basi kupita ku Dedza kukafunsira mbeta.

Wongani anaganiza zoti tipite kokayenda tonse atatu Loweruka lina, kuti tizolowerane. Kumtunda, ukachoka m'tauni pa minibasi, kuli mtsinje umene umagawika pawiri n'kusiya kachilumba pakati. Pamenepo bambo wina wopuma pa ntchito ya zankhalango, Ada Kamanga, anakonza munda wa zomera. Eni ake amati botanical garden, ndipo amanena mawuwo atakweza chibwano.

Tinadzera pamsika kugula nsomba ya batala yokazinga ndi nthochi, tinakwera minibasi, kenako tinawoloka pa bwato. Malowo ndi okongola, ndisaname. Mthunzi wa mibawa, madzi akulira pamiyala mbali zonse ziwiri, agulugufe, timaluwa tomera pa makungwa a mitengo. Ada Kamanga, nkhalamba yaitali ya chipewa cha khaki, anatilandira bwino n'kuyamba kutchula mtengo uliwonse ndi dzina lake la Chilatini.

Ine ndinali nditavala nsapato zatsopano, zofuna kusangalatsa anthu, ndipo tisanafike pa mtengo wachisanu zinali zitandidya zidendene. Ndinapempha kuti nditsale pa chisakasa cha alendo ndizilondera dengu la chakudya, anyani angatibere. ANyaManda anayang'ana nsapatozo, kenako anayang'ana Wongani. Bolopeni yofiira ija ndinaimva ikudutsa.

Atapita, ndinaona kuseri kwa chisakasacho kamunda kotchingidwa bwino ndi nsungwi, koma mkati mwake muli tchire lokhalokha. Chisoso, bonongwe, luni, denje, zonse zitakula mpaka kuchita njere. Pakati penipeni panali kachitsamba kamodzi ka maluwa achikasu ndi apinki, kakuoneka kuti kakubanika. Ndipo pampanda panali patatsamira khasu.

Ndinamva chisoni. Mumtima ndinati nkhalambayi ili yokha, chilumba chonsechi manja awiri, mpake tchire laigonjetsa. Kwathu, ukapita kwa munthu wamkulu n'kupeza ntchito ili poyera, sufunsa, umangoigwira. Wofunsa kuti "ndikuthandizeni?" amati ndi waulesi amene akufuna kuuzidwa kuti ayi. Komanso, ndisabise, ndinaona mwayi wofufuta mawu a kompyuta aja.

Ndinavula nsapato, ndinamanga chitenje m'chiuno, ndinalavulira m'manja.

Abale, ndinapalira! Dedza yense anatulukira m'manja mwanga tsiku limenelo. Apa ndi apo panali timitengo tozika, tokhala ndi timalata tolembedwa mawu ovuta ndi manambala. Ndinaganiza kuti ndi mayina a maluwa amene anafa ndi tchireli, choncho ndinatizula n'kutisanja bwinobwino pakona kuti tisasowe. Nsonga zanthete za bonongwe ndi chisoso ndinazithyola n'kumanga m'mpango, kuti aNyaManda akaone kuti ndiwo sindizipitirira. Zotsalazo ndinaunjika mulu umodzi. Kachitsamba ka maluwa kaja ndinakasamala ngati khanda: ndinakaundira dothi, ndinakathirira madzi a mumtsinje mabotolo atatu.

Nditamva mawu awo akubwerera, ndinaima dala pakati pa munda, khasu paphewa, thukuta osapukuta, kuti andione bwino.

Ada Kamanga ankabwera akuwauza kuti tsopano akawaonetsa chuma chenicheni cha pachilumbapo. Atangokhota pa chisakasa, anaima. Anavula chipewa pang'onopang'ono, monga amachitira munthu pofika pa maliro.

"Ama, mwachita vichi?" anafunsa motsitsa m'chilankhulo chakwawo.

"Ndangothandizako pang'ono, Ada," ndinayankha modzichepetsa. "Musavutike n'kuthokoza."

Sanathokoze. Anafotokoza mwaulemu kuti kamundako n'kosungiramo ndiwo zamakolo zimene anthu ayamba kuziiwala. Anati anayenda zaka zinayi m'midzi ya kumapiri ndi ya kunyanja kupempha mbewu, bonongwe wa uku, luni wa uko, ndipo panangotsala sabata imodzi kuti njere zikhwime akolole. Timalata tija tinkanena dzina la mbewu iliyonse ndi mudzi umene inachokera.

Wongani anayamba kuwerenga nthambi za mbawa. Ine ndinalakalaka mtsinje utasefukira n'kunditenga mpaka ku nyanja. Koma pakamwa panga sipadziwa nthawi yotseka. Ndinaloza kachitsamba kaja.

"Koma duwa lanu ndalisiya, Ada. Ndalithirira ndi madzi omwe."

Nkhalambayo inayang'ana chitsambacho nthawi yaitali.

"Chimenecho ndi lantana, mwana wangu. Chimamera chokha ndipo chimapha zinzake. Khasulo ndinabweretsera chimenecho."

 

ANyaManda analowa m'kamundamo. Anayenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo, ngati akuyang'anira mayeso. Anatokosa dothi ndi nsonga ya ambulera kufuna muzu wotsala, koma sanaupeze. Anapita pakona, anaona timalata tosanjidwa mwadongosolo. Anabwerera pa lantana, anaona mmene ndinachiundira. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira chifukwa cha tsoka la mwana wawo. Ayi ndithu, ankaseka, mpaka anakhala pansi ndi diresi yawo ya ku tchalitchi.

Ada Kamanga ndi munthu wa mtima wabwino. Atagwada pa mulu uja n'kufikisa ngala zingapo m'manja, anati njere zambiri zakhwima kale, tikaziyanika zipulumuka. Ndiye ulendo wathu wokaona maluwa unasanduka ganyu wopanda malipiro. Masana onse tinakhala pansi kupatula mulu uja, mtundu ndi mtundu, pa masaka. Apa ndiye ndinathandizadi, chifukwa masambawo ndimawadziwa ngakhale atafota. ANyaManda anakhala pafupi nane, akundifunsa dzina la tsamba lililonse m'Chichewa, iwo n'kundiuza la Chitonga. Batala uja tinamudya wozizira, ndi manja onunkha luni.

Chimene sitinathe kubweza ndi midzi ija. Ada Kamanga anayang'ana timalata tawo, anayang'ana masakawo, n'kunena kuti basi, kuyambira lero bonongwe yense ndi wa mudzi umodzi.

Mpango wa ndiwo uja ndinayesa kuubisa m'dengu, koma Ada Kamanga anauona. Anati ndiutenge, ntchito ya zaka zinayi isapite pachabe, koma ndikaikemo tomato wokwanira. Ndinapepesa kachisanu ndi chiwiri, ndipo ndinalonjeza kudzabwera kudzathandiza nthawi yofesa. Anavomera, koma anati iwo adzaima pambali panga.

Pobwerera ndinakhala kumbuyo kwa bwato, nsapato m'manja, matuza awiri pachikhatho, ndikudziwa kuti za ukwati zathera pachilumba. Tili pakati pa mtsinje, aNyaManda anatembenuka, anagwira dzanja langa ngati tsiku loyamba lija, nalitembenuza. Utoto wa zikhadabo unali utachoka wonse. Ndipo analankhula kwa Wongani, mokweza kuti ndimve.

"Ukawauze amalume ako akonzeke za ku Dedza. Manja alipo. Koma akamabwera kwathu, khasu langa uzibisa."

Lero ndine mpongozi wawo, ndipo timagwirizana. Koma mpaka pano, ndikangofika ku Chikale, ndimamva mayi akuitana Wongani kuseri kwa nyumba, kenako chitseko cha chipinda chosungiramo makasu chikutsekedwa ndi loko.

Khasu ukalipeza litatsamira pampanda, yamba wafunsa kuti likudikira ndani.