Mabatani Khumi ndi Thumba la Unga

Lolemba
Ntchito ya ulonda yatha. Unga wafika pansi pa ndowa. Koma ku babashopu ya ba Mulenga kuno ku komboni ya George kuli mpikisano wa gemu ya mpira wa pa TV Loweruka. Wopambana anyamula thumba la unga. Sindinawinepo chiyambire. Zilibe kanthu. Ba Sakala, okonza mafoni ku Lilanda, andilembera chinsinsi pa kachidutswa ka katoni: mabatani khumi, mmwamba, pansi, kumanja, choncho. Ukawadina mwa ndondomeko, goloboyi wa mnzako amangogwa yekha. "Musauzeko munthu, mudala. Ivi ni vinthu va mainjiniya."
Zofunika:
1. kuloweza
2. malaiti
3. nkhope ya munthu wosadziwa kanthu

Lachiwiri
Malaiti kulibe. Ndajambula mabatani ndi msomali pa mtanda wa sopo, ndikuyeserera pamenepo. Zala zikuyamba kumva. Masana mkazi wanga, amake Tisa, atenga sopo kukachapira. Abweza ali wosalala.

Lachitatu
Malaiti abwera! Liwiro kwa ba Mulenga. Ndadina onse khumi, maso ali kudenga ngati ndikuganiza zina. Osewera anga onse atupa mitu ngati maungu. Goloboyi wa mbali ina ali bwinobwino, akutafuna chingamu. Bana Mwape, mayi ogulitsa tomato pakhomo pa shopu, andichinya zigoli zisanu ndi chimodzi uku akuyang'anira tebulo lawo pa windo. "Ba timu yanu badwala chani?"

Lachinayi
Wapansi mpaka ku Lilanda. Ba Sakala ayang'ana katoni, andiyang'ana ine, aitembenuza. Ndinaigwira mozondoka. Mmwamba ndi pansi, kumanja ndi kumanzere. Masiku atatu ndaloweza bodza. Kuyambiranso!

Lachisanu
Amake Tisa apeza katoni m'thumba la buluku. Mivi, timizere, tizizungulire. Sandifunsa. Apita nayo kwa amayi anzawo a mapemphero. Aipempherera, aiwotcha, aimba nyimbo ziwiri. Akuti tsopano ntchito ndiipeza.
Zimene zatsala:
mutu wanga
zala, zomwe zikudziwa njira ziwiri, yolondola ndi yozondoka, koma sizikunena kuti iti ndi iti

Loweruka
Shopu yadzaza. Thumba lakhazikidwa pa mpando wometera, lavekedwa nsalu m'khosi ngati kasitomala. Malaiti akuti akhala ola limodzi basi. Maere agwera ine ndi bana Mwape poyamba. Ndadina.
TV yada bii. Kenako mpira kulibe, bwalo kulibe. Pali kamdala ka chipewa, kakhala pa mlatho, kakuwedza nsomba. Kanyimbo kapansipansi. Batani lililonse ukadina, kamdala kangokanda mwendo.
Ba Mulenga akufuna kuzimitsa. Wina kumbuyo akuti, "Lekani, tione ngati kazagwira." Amuna akuluakulu, ena ometedwa mbali imodzi, tonse maso pa TV. Chingwe cha mbedza chagwedezeka. Shopu yonse yaimirira. Malaiti apita.
Mpikisano wafa. Unga ugawidwa ndi kapu kwa onse olembetsa. Ine makapu atatu, m'pulasitiki yobwereka kwa bana Mwape. Ba Mulenga akuti ndisapondenso pakhomo pawo, ngakhale kudzameta.

Lamlungu
Phala m'mawa, lamadzimadzi. Amake Tisa akuti mapemphero ayamba kugwira ntchito. Sinditsutsa.
Pochoka ku tchalitchi ndikumana ndi ba Mulenga okha pa kona. Andigwira dzanja ndi manja awiri. Mpira wabwerera, koma anthu sakuufuna. Kuyambira m'mawa akungofunsa za kamdala. "Bwelani mukaikeko futi, ba Tembo. Kugela kwa mahala mwezi wonse." Kumetedwa ulere, ine!
Ndayesa kakhumi ndi kawiri. Mitu yatupa, yaphwa, yatupanso. Kamodzi refa wavala diresi. Kamdala ayi. Ndinalakwitsa penapake dzulo, ndipo sindikudziwa kuti ndi pati.
Anthu atuluka mmodzimmodzi osatsanzika. Mawa ndilawirira ku Kalingalinga, akuti owotcherera zitsulo akufuna womagwira geti.