Chishalo cha a Nangondo

Usiku wathawu ndinalota maloto oti akanalota mwana mukanati wagona ndi malungo. Ledisoni, njingayo usayambe waikhudza mpaka nditamaliza. A Mbendera, sendezani benchilo kuno, inunso mumve.

Paja mukudziwa kuti mpingo wandituma kuti ndizikatsogolera mapemphero ku Nsanjika, kuseri kwa phiri, kumene msewu wake ndi miyala yokhayokha. Njinga yamoto yangayi ndi ya m'tauni, inakulira pa phula. N'chifukwa chake dzulo tinapangana ndi Ledisoni pano kuti aiveke matayala a mano, akweze madigadi otchinga matope aja, awotcherere chitsulo kunsi kwa injini, kenaka adule chishalo chakumbuyo n'kuikapo kaliyala wonyamulira chigubu cha petulo. Pa chishalo chimenecho m'pamene amakhala a Nangondo, mayi a kunyumba kwanga, chiigulireni njingayi. Za chishalozi sindinawauze. Ndinati ndidzawauza ntchito ikatha.

Ndiye m'malotomo ndinapezeka ndili pagalaja pompano, koma galajayo inali m'tchalitchi, mbali imene amakhala akwaya. Masipanala anali atakhala pa mabenchi motsata misinkhu, ang'onoang'ono kutsogolo. Njinga inagona pa tebulo ngati wodwala, ndipo iwe Ledisoni unali utavala mkanjo wa abusa pamwamba pa ovololo yako yamafutayo.

Unati, "Madala, njira ya ku Nsanjika ndi yopapatiza. Cholemera chilichonse chitsale."

Ndiye tayala lakale lakumbuyo, losalala ngati dazi la a Mbendera pano, linaimirira kuti lipereke umboni. Musakwiye achimwene, ndi mmene linalili. Linati, "Abale, ine phula ndalitumikira mokhulupirika. Tsopano ndikupita pa denga kukatsendereza malata. Muzindikumbukira mphepo ikamawomba." Masipanala onse anati ameni. Mwadzidzidzi analowa matayala atsopano akumwetulira, mano onse pamtunda. Lakutsogolo linandipatsa moni wa manja awiri n'kufunsa kuti, "Tamva kuti kuli miyala. N'zoona? Chichokereni ku sitolo sitinalawe kanthu."

Madigadi atangokwezedwa pang'ono anasiya kuyankha moni. Ndinawafunsa ngati ali bwino, iwo n'kundiyankha m'Chingerezi. Mashoko, zitsulo zonjanja za ku matayala zija, nawo anatalika, anatalikabe, mpaka njinga inafika pa mitanda ya denga, ine n'kukwera ndi makwerero amene timapachikira nsalu za Khirisimasi.

Chomaliza kuyankhula chinali chishalo chakumbuyo. Sichinakweze mawu.

"Bambo, ine ndalakwanji?"

"Sunalakwe. Ukulemera basi."

"Wolemera ndine, kapena amene ndimanyamula?"

Ndinayang'ana kumbali ngati ndikufuna magalasi anga. Ndiye chigubu cha petulo chinakwera chokha kumbuyo kwanga, chinatulutsa timanja, n'kundigwira m'chiuno. Chinati, "Tiyeni, bambo a Tiyanjane," ndi mawu obwereka kwa a Nangondo, koma fungo linali la petulo ndithu.

Mwadzidzidzi tinali pa msewu wa miyala, dzuwa lili phwee. Anzanga, kukoma kwake. Matayala ankatafuna miyala ngati chimanga chokazinga, n'kumalavulira makoko m'mbali. Mwala ukagunda chitsulo cha kunsi kwa injini, chitsulocho chinkati, "Ndakukhululukira." Wina ukagunda, "Iwenso ndakukhululukira." Ndinati m'mtima, Ambuye, chitsulo ichi chandiposa, tichiike pa udikoni. Mtima utadzaza ndinayambitsa nyimbo ya m'mamawa imene timaimba pa ulendo. Injini inagwira besi bwinobwino. Koma pamene amalowa mawu achiwiri, pamene a Nangondo amandilandira kukhutu kuno, panali zii. Chigubu chinayesa, koma chinangoti kubu, kubu.

China n'chakuti ine maso anga ndi awa mukuwaonawa. A Nangondo akaona dzenje amanditsina m'nthiti, kumanja kapena kumanzere, ine n'kukhota. Nthiti zanga zinadikira, osatsinidwa. Ndiye maenje anayamba kutuluka m'tchire n'kumakhala pakati pa msewu ngati anthu odikira basi. Lina lalikulu linati, "Mwabwera nokha lero? Lowani, malo alipo." Ndinalowa. Linzake linati, "Mungadutse osalowa kwathu? Tidandaula." Ndinalowanso. Maenje a kumeneko ndi ochereza alendo, sindinalumphe ngakhale limodzi.

Nditatuluka m'dzenje lomaliza ndinapeza apolisi a pamsewu atatchinga njira ndi mtolo wa nzimbe. Wamkulu wawo anakweza dzanja, dzanjalo n'kusanduka phiko, ndipo pamene ndimaima anali khwangwala wathunthu, kolala yoyera ili pakhosi.

"Mwanyamula angati?"

"Ndili ndekha, bwana."

"Mlandu ndi umenewo. Mukuyenda mopepuka mopitirira muyezo."

Mnzake, amene anali atasanduka nanzikambe, anayamba kuzungulira njinga kuti aiyendere. Phazi limodzi m'mwamba, kuganiza, kulibweza. Pamene amafika ku nambala yakumbuyo chimanga cha m'munda wapafupi chinali chitamera, kukula, n'kukololedwa. Anandiyang'ana ndi diso limodzi, linalo lili kwa khwangwala, n'kuti, "Mubwere mawa, akulu. Mtundu wa lero watha."

Ndinadandaula kuti anthu a Mulungu akundidikira. Khwangwala anati chindapusa chake ndiimbe ndekha mawu achiwiri a nyimbo ija, poti ndinawasiya kunyumba. Ndinayesa. Mbuzi za m'mudzi wonse zinayankha. Khwangwala anatseka makutu ndi mapiko, nati, "Pitani, pitani, musadzachimwenso chonchi."

Ndiye tinafika pa chitunda chachikulu cha ku Nsanjika. Chigubu chinali chitamwa petulo wake yemwe chifukwa cha ludzu, n'kutsala chopanda kanthu, chikungogona tulo pamsana panga. Ndinakoka moto. Tayala lakumbuyo linazungulira pamalo amodzi, fumbi kobo, osasuntha.

Ndinati, "Luma, mwanawe. Mano ndinakugulira a chiyani?"

Linati, "Mano ndili nawo, bambo, koma palibe wondikanikiza pansi. Ndilume mphepo?"

Mwadzidzidzi njinga yonse inanyamuka. Sikuti inathamanga, inangokwera pang'onopang'ono ngati pepala la shuga pa kamvuluvulu. Tinadutsa nsonga za mibawa, tinadutsa akabawi amene anatipatsa njira mwaulemu. Madigadi anasangalala kwambiri, akuti kumeneko ndiye kwawo. Ine ndinagwira mahandulo n'kumapemphera pemphero lalifupi limene munthu amapemphera akaiwala mapemphero ena onse.

Pansi ndinaona kanyumba ka mapemphero ka ku Nsanjika, kofolera ndi udzu, anthu atadzaza mpaka panja. Mlembi wa mpingo anaimirira ndi zolengeza, jekete lake n'kuyamba kumera madontho, mpaka anasanduka nkhanga. Anati, "Cholengeza choyamba: mlaliki wathu wafika. Chachiwiri: wapitirira. Ali m'mwambamo. Amene ali ndi khosi labwino amuyang'ane m'malo mwa okalamba." Anthu anayang'ana kumwamba n'kundiwombera m'manja mwaulemu, ana akundibayibitsa.

Kutsogolo anali ataika mipando iwiri ya alendo. Umodzi unali wopanda munthu, wanga. Pa winawo panali chishalo chija. Chinabwera wapansi, pa timiyendo ta mabawuti, n'kundipitirira pamene nanzikambe ankandiyendera. Pamwamba pake panakhala a Nangondo, chammbali monga amakhalira, akusenda mtedza m'mbale, osatekeseka.

Anati, "Bambo a Tiyanjane, tsikani. Anthu afika kalekale."

"Ndikulephera, mayi. Ndapepuka."

"Ndinaona. Nanga mumati muyenda bwanji?"

Sanandikalipire, ndipo zimenezo ndiye zinandiwawa. Anaika mbale pansi, anamasula chitenje chapamwamba, n'kuponya nsonga yake kumwamba. Chitenjecho chinatalika, chinadutsa denga, chinadutsa mibawa, mpaka ndinachigwira. Anayamba kukoka monga amakokera ndowa pachitsime, uku akuimba mawu achiwiri aja, okhaokha, mpingo n'kulandira. Njinga inayamba kutsika. Matayala anatulutsa malovu poona miyala ikuyandikira. Ndinaona nkhope za anthu, ndinaona ngakhale mtedza m'mbale muja.

Mwadzidzidzi iwe Ledisoni unatulukira pa nthambi ya mbawa, mkanjo uli pheperu pheperu, sowo ili m'manja. Unagwira chitenje pakati n'kuyamba kucheka.

Ndinati, "Mwana wanga, ukutani?"

Unati, "Munalamula nokha, madala. Ine ntchito yanga n'kudula."

Useke, koma unachekadi. Khwe, khwe, khwe. Ulusi unayamba kuduka umodziumodzi. A Nangondo pansi ankakokabe, osadziwa kanthu, poti palibe anawauza. Ndinafuna kukuwa kuti usiye, koma galasi la chipewa changa cha panjinga linatsekeka lokha, mawu n'kumangozungulira m'katimo. Khwe, khwe, khwe. Unatsala ulusi umodzi.

Ndinatsegula maso. Manja anga anali atagwira bulangeti zolimba, kunja kutayera. Khwe, khwe, khwe. Anali a Nangondo kuseri kwa zenera, akupala ndi supuni poto wa nyemba zimene zinapserera dzulo. Atamva kuti ndatembenuka anasiya pang'ono.

"Mwadzuka, bambo a Tiyanjane? Ndimati ndifunse. Lamulungu lino ku Nsanjika kuja, akuti kuli fumbi loopsa. Bulauzi yoyera ndivaliretu kuno, kapena ndikavalire konko?"

Ndinasiya bulangeti lija n'kukhala tsonga.

Ndinati, "Mukavalire konko, mayi."

Anati chabwino, n'kupitiriza kupala poto wawo.