Nadititi wa pa ulusi

Mukafika pa doko la Kachulu, pa nyanja ya Chilwa, n'kumva amayi ogula matemba akuitana kuti "Nadititi", musatembenuke, akuitana ine. Dzinalo sanandipatse makolo. Ndinalitola ndekha m'matope, ndipo ndi bwino mumve kwa mwini wake mmene ndinalitolera, chifukwa akakuuzani amayi amenewo athira mchere wambiri.

Ine sukulu ndinaisiyira panjira titasiyana maganizo ndi aphunzitsi ena (iwo ankaganiza kuti ndigwade padzuwa, ine ndinkaganiza zina). Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuthandiza atsibweni anga, omwe ali ndi boti la injini lonyamula anthu ndi matumba pakati pa Kachulu ndi chilumba cha Chisi. Mawondo atayamba kuwakana, ananena kuti botilo alisiyira mmodzi mwa ife awiri: ine kapena Yusufu, mwana wa amayi aang'ono. Yusufuyo ndi munthu woti ukamuponda phazi, iye ndiye amapepesa. Madzi sawadziwa, injini amaiopa ngati galu wa eni. Koma atsibweni ankati ine vuto langa ndi pakamwa, ati ndinathawitsa kale makasitomala okwana mzikiti wathunthu.

Ndiye tsiku lina kunabwera mlendo, mayi wina wa ku Blantyre wa imvi zoyamba kumene, chipewa chachikulu ngati lichero, nsapato ngati za msilikali. Pakhosi anapachika kamera ya chimphuno chachitali ngati paipi ya mjigo. Ankafuna kujambula mbalame. Atsibweni anandikokera pambali n'kundiuza mosazungulira kuti awa ndiwo mayeso anga: ndiwatenge tsiku lonse, ndiwabweze akumwetulira, ndisawalankhule liwu lopindika ngakhale limodzi. Zikatero boti ndi langa. Zikapanda kutero ndikayanike matemba.

Tsono tiyeni tinene zoona. Kuno mbalame ndi ndiwo. Munthu wamkulu kuchoka ku Blantyre, kugwedezeka m'minibasi kuchokera ku Zomba mpaka msana kuuma, kudzangoyang'ana ndiwo yosaphika n'kubwerera ndi njala yake? Ndinaona kuti anthu ena akakhuta amasowa chochita. Koma ndinameza. Mayi aja anandionetsa pa foni mbalame yomwe ankaifunitsitsa, ndipo ndinatsala pang'ono kuseka. Anali nadititi, kambalame ka m'mabango ka chifuwa chabuluu, mlomo ndi miyendo yofiira, komwe anzathu osaka amakola ndi misampha. Ndinawauza kuti ndimadziwa ngakhale kumene amagona (zoona zake ndimamudziwa bwino ali m'mbale).

Titangolowa m'mabango anandiuza kuti ndizimitse injini, ati imaopseza mbalame. Ndinayamba kukankha boti ndi nsungwi ngati agogo anga, injini yathunthu ili khale kumbuyo. Kenako anati tiime. Tinaima. Udzudzu unandipeza. Dzuwa linakwera. Ndikangoti ndidzimenye patsaya, mayi aja ankakweza chala chimodzi osandiyang'ana n'komwe, chala cha aphunzitsi chenicheni. Ndinatsokomola kamodzi, chala chinakweranso. Akakowa anawajambula, abakha am'madzi anawajambula, ngakhale kachule kena kopanda ntchito kanalowa m'kamera. Nadititi yekha anakana kutuluka. Ankalira m'kati mwa mabango ngati akundinena, koma kuonetsa nkhope ayi. Ndinaona mayi aja akuyamba kupumira m'mwamba, ndipo ndinadziwa kuti boti langa likupita kwa Yusufu ndikuliyang'ana.

Chakumasana tinakocheza pa Chisi, ndipo apo mayi aja anatulutsa nzeru ina: akufuna kukwera phiri la pachilumbapo kuti aione nyanja kuchokera pamwamba. Kukwera phiri wopanda nkhuni zokatola, wopanda mbuzi yosochera. Ndinati injini ikufuna kuonedwa, apite ndi bambo wina wa pachilumbapo amene amadziwa njira. Atangokhota pa mlambe, ine ndinaliza injini yodwalayo n'kulunjika kwa mnzanga Jafali.

Jafali ndi wosaka mbalame, ndipo amakhala pa chimbowera, kanyumba koyandama ka m'mabango, kufupi ndi tsinde la phiri lomwelo. Mbalame akakola sazipha msanga, amazisunga zamoyo m'dengu kuti zisavunde. Ndinamufotokozera vuto langa, anaseka mpaka kanyumba kanagwedezeka, n'kundisankhira nadititi wonenepa bwino. Ndinapita naye pa kamseu kena ka madzi kabata. Chomangira ndinalibe, ndiye ndinamasula ulusi wa ukonde womwe unkagwira kabudula wanga m'chiuno (lamba ndi wa anthu a ku ofesi). Ndinamanga mwendo umodzi wa mbalameyo pa bango lolimba, chapamwamba kuti ioneke bwino, n'kuisalaza nthenga ndi malovu. Inakhala mwaulemu ngati mkwatibwi. Ndinaima pang'ono kudzisilira. Anthu amapita ku yunivesite kukaphunzira kudikira mbalame, ine wosamaliza pulayimale ndathetsa nkhani yonse ndi ulusi.

Mayi aja atatsika phiri, thukuta lili kamukamu, ndinawauza kuti ndamva fungo la nadititi chakumpotoku. Anandiyang'ana nthawi yayitali ndithu n'kungoti tiyeni. Ndinazimitsa injini ndekha osauzidwa. Ndinkakankha nsungwi pang'onopang'ono, kununkhiza mphepo, kuvuula madzi ndi dzanja n'kuwayang'anitsitsa ngati sing'anga. Atati alankhule, ndinawakwezera chala chimodzi. Chala chimenecho chinandikoma kuposa chilichonse chomwe ndinadyapo.

Tinakhota pa kamseu kaja. Nadititi analipo ndithu. Koma anali atayesa kuuluka, ulusi n'kumubweza, ndipo tsopano ankalendewera chadodolido, mutu pansi, mwendo umodzi m'mwamba, akuzungulira pang'onopang'ono ngati nyama ya pa butchala.

"Achimwene, mbalameyo ikutani?" anafunsa mayi aja.

"Ikupuma, mayi. Za kuno ku Chilwa masana zimagona choncho, ngati mileme."

"Ndi ulusi womwe?"

"Umenewo ndi udzu wa m'madzi."

"Udzu wa mfundo ziwiri. Tapitani mukaimasule isanathyoke mwendo."

Apa mutu unatentha. Munthu wanzeru akanakankha boti kufika pa bangolo n'kumasula ali m'kati. Mwana aliyense wa m'mbali mwa Chilwa amadziwa kuti nyanja yathu madzi ndi ochepa koma pansi pake mulibe pansi. Ine, pofuna kuonetsa kuti sindituma nsungwi pa ntchito ya mwamuna, ndinalumpha. Madzi anandilekeza m'chiuno, matope n'kupitiriza pomwe madzi analekezera, mpaka ndinatsala chifuwa ndi manja. Ndinafikira bangolo n'kumasula mfundo zija. Pothokoza, nadititi anandijompha pamphuno penipeni n'kuuluka, miyendo yofiira ili lendelende. Kumbuyo kwanga kamera inkangolira ngati makina osokera.

Kutuluka ndiye kunakanika. Ndikakoka mwendo uwu, winawo unkalowa. Mayi aja anandipatsira nsungwi, koma pokoka boti ndi lomwe linkabwera, ine ndili pomwepo ngati chikhomo. Ndipo mwa mabwato onse a pa Chilwa, lomwe linamva phokoso n'kukhotera kumeneko linali lodzaza amayi ogula matemba, akuchokera ku Chisi kubwerera ku Kachulu. Amayi amenewo ndimakangana nawo tsiku ndi tsiku pa nkhani ya malo a madengu awo. Sanafulumire. Anayamba andifunsa ngati ndabzala mpunga kapena ndadzibzala ndekha. Wina anati andisiye mpaka mvula, mwina ndibereka. Kenako woyendetsa boti lawo ndi mnzake anandigwira m'khwapa n'kundizula ngati chinangwa.

Ine ndinatuluka. Kabudula, pokhala kuti ulusi wake ndinali nditaupereka kwa mbalame, anatsala komweko.

Kuseka kwake sindingakulembe. Mayi wina wamkulu anandiponyera chitenje chofundira dengu, chonunkha matemba a dzana, akuti ndivale msanga ana a eni asachite khungu. Ndipo pamene ndinkachimanga m'chiuno ndinaona mlendo uja naye akuseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Pamenepo zonse zomwe ndinameza kuyambira m'mawa zinatuluka. Ndinawauza kuti munthu wa imvi ngati iwo akanakhala kunyumba kulera zidzukulu, osati kuzunza ana a anzawo chifukwa cha ndiwo. Ndinatukwana chipewa. Ndinatukwana nsapato. Ndinatukwana Blantyre yense ndi mapiri ake. Iwo anadikira ndimalize n'kundipatsa botolo la madzi kuti nditsuke magazi a pamphuno. Palibe chowawa ngati kutukwana munthu iye n'kukupatsa madzi.

Pa Kachulu tinapeza atsibweni atakhala pa bwato lovundikira, atangochoka ku swala ya madzulo ku mzikiti. Anayang'ana chitenje, anayang'ana mphuno. Ine ndinafulumira kufotokoza kuti ana opanda mwambo a pa Chisi anamangirira mbalame pa bango, ndipo ine mwa chifundo ndinadziponya m'matope kuti ndiipulumutse. Inkayenda bwino nkhaniyo, ngakhale ine ndinayamba kuikhulupirira. Mlendo uja sananditsutse. Anangokhala pambali pa atsibweni, n'kuwatembenuzira kagalasi ka kuseri kwa kamera.

Kani chimphuno chija chimaona kuchokera pamwamba pa phiri mpaka chigamba cha malaya anga. Munali ine pa chimbowera cha Jafali ndikulandira mbalame ndi manja awiri. Munali ine ndikumasula ulusi m'chiuno. Munali ine, lilime panja, ndikusalaza nthenga. Munalinso ine nditagwira m'chiuno, ndikudzisilira. Ndiye kuti nthawi yonse ija ndinkanunkhiza mphepo n'kuwakwezera chala, mayi aja ankadziwa kale kumene tikupita.

Kunena zoona anayesa kundiombola. Anauza atsibweni kuti boti ndimaliyendetsa bwino, ndipo chithunzi cha nadititi akuuluka chinatuluka chokongola kuposa zonse za tsikulo, bola adule mbali yomwe kuli mutu wanga. Atsibweni anafunsa funso limodzi lokha.

"Mayi, mwanayu anakulankhulani mwaulemu?"

"Dzuwa linatentha kwambiri lero, bambo," anayankha choncho.

Zikanathera pomwepo, koma amayi a matemba aja anali atafika kale. Anabwereza mawu anga onse mwandondomeko, wina akaiwala mnzake ankamukumbutsa, ndipo za nsapato anazinena kawiri. Atsibweni sanakalipe. Anaitana Yusufu n'kumuuza kuti amasule injini akaisunge kwawo, ndipo mawa alawirire. Yusufu anainyamula paphewa akundipepesa.

Pano ndimayanika matemba. Atsibweni anandiuza kuti pamene ndikutembenuza nsombazo ndizilingalira chomwe ndaphunzirapo, ndipo tsiku lina adzandifunsa. Ndalingalira mokwanira, nthawi ndili nayo yambiri. Yankho ndili nalo, kungoti sindikudziwa ngati ndi lomwe akufuna. Mbalame ukaimanga mwendo umodzi imatembenuka. Uzimanga yonse iwiri, ndipo uzichitira kuseri kwa phiri.