Kamarau wa Shuga Amene Ndinaphikira Apongozi

Mpaka lero ndikadutsa ndi mota yanga, njinga yamoto ija, pamudzi pa apongozi, ana amafuula kuti, "A Italiya awo!" Ndinaziputa ndekha.

Nthawi imeneyo ndinali pachikamwini, m'mudzi wina kunja kwa Fíngoè, ndipo mtima wanga unali pa chinthu chimodzi: kupempha chitengwa, kuti nditenge mkazi wanga tikakhale m'kanyumba kamene ndinamanga kuvila, kutauni kuja. Vuto linali apongozi aakazi. Kwa iwo, mwamuna wonyamula anthu pa mota m'malo mogwira khasu ndi mlesi basi. Ndiye ndinati ndiwaonetse kuti manja awa amadziwa zinanso. Pafoni ndinali nditaona mzungu wina akuphika sipageti ya Chiitaliya, yosambira mu nata (mkaka wokhuthala uja) pamodzi ndi kamarau, tinkhanu tam'nyanja tija. Mzunguyo ankati n'zosavuta. Bodza lake!

Kamarau ndinaitanitsa ku Tete kudzera kwa woyendetsa shapa, minibasi ija. Anafika jelo (madzi oundana aja) atasungunuka kalekale, komabe kafungo kake kanali kakadali kaulemu. Mkazi wanga atasuzumira m'pulasitikimo anadumphira m'mbuyo.

"Bambo a Zito, nkhululu zandevuzi mukufuna kudyetsa amayi?"

"Zimenezi n'za kunyanja yamchere. Inu ingondiyatsirani makala."

Nata ndinamufuna m'maloja onse, osamupeza. Mwini loja wina anandipatsa kachitini ka kondensado, mkaka wa shuga uja timathira mu tiyi. "Mkaka ndi mkaka, achimwene," anatero. Ndinavomera msangamsanga (munthu ukafunitsitsa chinthu, makutu amangomva zokukomera).

Poyamba zinkayenda. Adyo ndi anyezi ndinakazinga bwinobwino, kamarau anafiira ndendende ngati pafoni paja. Kenako ndinakhuthulira kondensado yense. Kulawa, mayo ine, phala la mwana! Wina akanalekera pomwepo, koma osati ine. Ndinathira mchere. Kulawa, shuga wamchere. Ndinaponyamo piripiri wodzaza dzanja, tsopano zinkayamba kutsekemera kenako n'kukuluma pakhosi. Ndinakumbukira kuti mzungu uja anafinyira ndimu pomaliza, ndiye nanenso ndinafinyira mandimu mosaumira. Mkaka wonse unadukaduka n'kusanduka timibulu ngati chambiko. Nayo sipageti, imene ndinaiiwala pamoto, inali itagwirana n'kukhala chimtanda chimodzi.

"Tiyeni tiphe nkhuku, nthawi ikadalipo," ananong'oneza mkazi wanga.

"Ayi. Walira mvula walira matope. Bweretsani mbale yoyera ija."

Mukudziwa kuti mkamwini sadyera pamodzi ndi apongozi, ngakhale kuyang'anana nawo m'maso sayerekeza. Choncho mbaleyo anapita nayo ndi mkazi wanga, ine ndinakakhala kuseri kwa nkhokwe, thukuta lili kamukamu, makutu ali tcheru. Ndinamva kutsokomola. Kenako mawu a apongozi akuitanitsa madzi, ndipo sanaitanitse kamodzi kokha. Kunena zoona ndinachita mantha, ndinaona nditakalambira pachikamwini.

Mbale inabwera ili mbee.

"Adya?"

"Adya zonse. Akuti chakudya cha mkamwini sachibweza, n'chipongwe."

"Nanga za chitengwa munawauza?"

Mkazi wanga anakhala pansi, misozi ya phwete ili mbwembwembwe. "Akuti munditenge, mawa lomwe ngati n'kotheka. Akuti munthu wouma mutu chonchi sangagoneke mwana wawo ndi njala. Koma akuti mukhale kutali ndi mafuwa awo, ndipo kumeneko wophika ndikakhale ine."

Tinasamukadi sabata yomweyo. Manyazi ndili nawo, sindikana, koma ine ndimati cholakwa chinali kachitini kaja basi. Nata weniweni ndamuitanitsa kale ku Tete, ndipo ndinatuma mkazi wanga kukanena kuti mbale yoyamba idzakhala ya apongozi. Yankho lafika dzulo. Akuti zikomo kwambiri, koma mwezi uno akusala kudya, ndipo sakudziwa kuti amaliza liti.