Agogo Anga a Witikomu

Lolemba
Malume ake a Misozi, chibwenzi changa, ku komboni ya Pamodzi akuti Lamlungu ndibwere ndi chiwongo changa, apo ayi za ukwati ndiiwale. Dzina lathu ndi Witikomu. Iwo akuti, "Witikomu ndi Banda kapena Phiri?" Sindikudziwa. Chiyambire kusukulu ndimauza anthu kuti ndife zidzukulu za mzungu wa pafamu. Sabata ino nditsimikiza.

Lachiwiri
Umboni ulipo:
– mphuno ya atate, yosongoka pang'ono
– tiyi ndimamukonda modabwitsa
– chithunzi chakale: mzungu pampando, kumbuyo kwake munthu atanyamula thireyi
Mzunguyo ndamuyang'anitsitsa. Makutu ndi anga enieni.

Lachitatu
Azakhali pamsika wa Chifubu: "Iwe mwaiche, mzungu uja anali na bana three, bonse banayenda ku Joni." Nanga ife tinatulukira pati? Akuti ndikafunse atate aakulu ku Kitwe. Andigulitsa tomato amene sindimamufuna.

Lachinayi
Kuntchito ndanena kuti ndikupita kumanda. Si bodza kwenikweni. Kumanda akale a azungu ndapeza mwala wa Witikomu uli m'tchire. Ndalambula, ndasesa, ndagwada. Za Misozi ndawafotokozera m'Chingelezi kuti amve. Ndalira ndithu, misozi yeniyeni.

Lachisanu
Kitwe. Atate aakulu aseka mpaka kutsokomola. Pachithunzi chija chala chawo chadumpha mzungu, chatera pa munthu wa thireyi. Agogo ndi amenewo! Anali kuki wophikira mzunguyo, ndipo masiku amenewo wantchito ankangotchulidwa dzina la bwana wake mpaka kumukakamira. "Mzungu anayenda na mabokosi yake, zina lake anatisiyila." Nanga makutu aja? Nanga dzulo ndimalirira ndani?

Loweruka
Ndinaiwala kufunsa chimene ndinapitira. Ndawaimbira foni atate aakulu. Chiwongo chathu akuti ndi Mbewe.
Misozi nayenso ndi Mbewe.
Ndaimbanso kuti mwina sindinamve bwino. Mbewe yemweyo. Mutu wanga sukugwira, ndipo ndili ndi mantha.

Lamlungu
Malume amvetsera, apukusa mutu. Mbewe ndi Mbewe satengana chisawawa, zonse ziime mpaka afunse kumudzi. Mudzi wathu sindikuudziwanso. Phindu la sabata yonse: tomato, matuza m'manja, ndi manda a mzungu oyera kuposa pakhomo panga. Misozi wandiperekeza mpaka pamsewu osandiyang'ana. "Muyende bwino, achimwene."
Ndati zikomo. Ndikanati chiyani?