Tsiku Limene Ndinafera mu Thanki Limodzi ndi Apongozi

Ndiyambe ndi kukutsimikizirani kuti ndili moyo. Ndikutero chifukwa pali mayi wina wa ku Dwambazi amene analengeza za imfa yanga masanasana, ine ndili chilili m'matope pamaso pa bambo ake a mkazi wanga.

Ku koleji ndinapitako. Ndinakafika ndithu, nyumba zake ndinaziona, nyemba zake ndinadya zaka ziwiri, kenako ine ndi mayeso tinagwirizana zosiyana mwamtendere. Komabe ku Liwaladzi, komwe ndili pa chikamwini, zaka ziwirizo n'zokwanira kuti anthu azikubweretsera mabotolo a mankhwala kuti uwawerengere. Choncho bwana wa pa fakitale yopanga ayisi wa asodzi, pomwe ndimagwira ntchito, atauzidwa kuti thanki yake ya madzi ya pansi pa nthaka isamatsukidwe popanda woyang'anira wokhala ndi satifiketi, chala chake chinagwera ine. Anawonjezera kuti ndikalephera, ali ndi mphwake amene akungokhala ku boma, ndipo mpando wanga umamukwana bwino. (Za moyo wa anthu olowa m'thankimo bwana sanatchulepo. Chimene chinkamusowetsa tulo ndi pepala lopachika pakhoma.)

Ku maphunziro anatiuza zinthu zosavuta. Yeza mpweya munthu asanalowe. Mmange lamba wolumikiza ku chingwe. Uzimuitana pafupipafupi n'kumva akuyankha. Ndipo lamulo lalikulu kuposa onse linali lakuti woyang'anira salowa, zivute zitani. Ndinaloweza zonsezi mpaka ndinkazinena ndikusamba.

Wodzandiyesa anali Mayi Mhango, a ku Dwambazi aja, aafupi, ovala nsapato zachitsulo kutsogolo, nkhope yosakongoza kumwetulira. Anati iwo saphunzitsa, angoima pambali n'kumaonerera.

Apa ndiye pali vuto limene aphunzitsi athu sanaliganizire. Pakamwa pa thankiyo ndi popapatiza, ndipo munthu yekhayo amene wakhala akulowamo zaka zonsezi, wowonda ngati bango, ndi apongozi anga. Dzina lawo sinditchula ngakhale pano. Chikwatirireni mwana wawo ndinali ndisanawakhudzepo. Tikakumana panjira ndimapatukira m'chinangwa. Akafuna kundiuza kanthu amauza chinthu chimene chili pafupi, ine n'kuyankha chinthu chomwecho, ndipo kuntchito mkhalapakati wathu ndi mtengo wa mango umene uli pafupi ndi thanki.

Kuyeza mpweya kunayenda bwino. Ndinatsitsa kamakina koyezera pachingwe mwaulemu waukulu, ndikuwerenga manambala mokweza kuti zaka ziwiri zija zimveke. Apongozi anauza mtengo wa mango kuti kale ankangotsitsa koloboyi, akazima ndiye kuti munthu usalowe. Ndinauza mtengowo kuti masiku ano moto saloleza. Mayi Mhango anayang'ana mtengowo, kenako anayang'ana ine.

Kenako inafika nkhani ya lamba. Amene simunamuonepo, lambayu amadutsa m'mapewa, pachifuwa, ndiponso pakati pa miyendo. Woyang'anira amayenera kukoka zomangira zonse ndi manja ake, n'kulowetsa zala kuti amve ngati wathina. Ndinayang'ana lambayo, ndinaganiza za malo amene zala zanga zimayenera kukafika, ndipo ndinaona kuti boma likundipempha zinthu zimene ankhoswe sanandiuze. Ndinagwada patali, ndinapereka lambayo ndi manja awiri ngati madzi akumwa, maso ali kumbali. Apongozi anamuvala ngati jekete ya ku ukwati.

"Mwaona ngati wathina?" anafunsa Mayi Mhango.

Ndinayankha kuti ndamuyeza ndi maso. Analemba kenakake, ndipo cholembera chawo chinatenga nthawi yaitali kuposa yankho langa.

Apongozi atatsika, ndinayenera kuima pakamwa pa thanki n'kumawaitana ndi dzina. Kuimirira pamutu pa apongozi, n'kumawatchula dzina ngati ndikuitana mwana wotuma kumsika. Ndinasankha njira yachikulire. Ndinakhala pansi chapatali, pomwe sindinkaona chilichonse cha m'katimo, n'kumati, "Odi kumeneko?" Pansi pankamveka "Eee" wautali, ndipo ndinkaona kuti ntchito ikuyenda.

Ndiye panafika "odi" wina amene sanayankhidwe.

Ndinabwereza. Ndinatsokomola chitsokomolo chaulemu. Zii. (Sindinkadziwa kuti Mayi Mhango anali atapangana nawo kuti pakapita nthawi angokhala chete ngati akomoka. Anthu awiri akuluakulu kupangira chiwembu mwana wa eni ake.) Pakhosi panga panali wezulo yoitanira anzanga opulumutsa, koma ndinaikumbukira mawa lake. Ndinathamangira chopukusira chingwe n'kuyamba kupukusa. Chinkapepuka modabwitsa. Ndinadzilimbitsa mtima kuti apongozi ndi munthu wosala kudya mokhulupirika. Kenako panatulukira lamba yekha, akuzungulira pachingwe, mulibe munthu.

M'mutu mwanga munadutsa nkhope ya mkazi wanga. Munadutsanso mfundo yakuti kwa apongozi, poti ndi Asilamu, maliro sagonetsa, moti pofika swala ya madzulo kumzikiti ndikanakhala nditadziwika kuchokera ku Liwaladzi mpaka ku Malenga Chanzi ngati mkamwini amene anayang'anira imfa ya apongozi ake atakhala pansi. Lamulo lalikulu lija linalipo ndithu m'mutumo, koma linali kumbuyo kwa mzere. Ndinavula nsapato (musandifunse, ndinkalowa m'malo mmene muli apongozi) ndipo ndinatsika makwerero.

Ndinawapeza atakhala pa ndowa yovundikira, tasibihi yopempherera ili m'manja, ali phee. Lamba anali atamuvula okha chifukwa ankangowagwa m'mapewa. Anauza khoma la thanki kuti amayi aja anati asayankhe.

Kuwala kwa pamwamba kunatsekeka ndi mutu wa Mayi Mhango.

"A supavaiza, mwafa," anatero mosakweza mawu. "Adada anafa kale, inu mwawatsatira. Gonani pansi nonse awiri, anzanu aphunzirepo kutulutsa mitembo."

Pansi pa thankiyo pali mapaipi, ndipo malo ogonapo ndi amodzi okha, okwana munthu mmodzi ndi theka. Ine amene ndinathyola chinangwa cha anthu zaka zonsezi pothawa kugundana ndi bambowa, ndinagona nawo phewa ndi phewa m'matope onunkha achule. Ndinanong'oneza paipi kuti ndikupepesa. Apongozi anauza paipi yomweyo kuti mitembo siyankhula.

Anzanga anabwera, anayezanso mpweya, mmodzi anatsika atamangidwa bwino. Anamanga apongozi mopanda manyazi n'kuwakweza. Kenako ine. Ndinatuluka ndikuzungulira ngati kampango pa mbedza, matope akudontha, ndipo azimayi ogula ayisi anali atatula mabeseni awo pansi kuti aonerere bwino. Mmodzi anafunsa mnzake ngati ameneyu ndi wa ku koleji uja. Mnzakeyo anati ndi yemweyo, ndipo tsopano zikumveka.

Mayi Mhango sanandikalipire. Anandiwerengera zolakwa zanga chimodzichimodzi, kenako anati, "Kwathu tinaika amuna awiri tsiku limodzi, otuluka m'chitsime chimodzi. Wachiwiriyo anali munthu waulemu ngati inuyo." Anati adzabweranso mwezi wamawa, ndipo umenewo udzakhala mwayi womaliza. Bwana anangofunsa ngati palibe njira yoti pepalalo lituluke kaye.

Chodabwitsa chinachitika kunyumba. Apongozi anakafotokoza pakhonde la mzikiti kuti ali ndi mkamwini amene anawatsatira kumanda opanda nsapato. Kwa mwezi wathunthu mutu wa kampango unkabwera m'mbale yanga. Anthu amene ankanditchula kuti "uja sanamalize" anayamba kundipatsa moni ndi manja awiri. Mkazi wanga yekha ndi amene sanatengeke. Anandiuza kuchipinda kuti, bambo a Amina, mukanandisiya ndikulira maliro awiri ndi chitenje chimodzi, ndipo ntchitoyo ikatha mutu wa nsombawo muzikaudyera kwanu.

Pa mayeso achiwiri ndinamanga lambayo ndekha. Ndinatsinzina, ndinakoka zomangira zonse, zala zinafika kumene zimayenera kufika, ndipo apongozi anauza mtengo wa mango mawu ena a Chiarabu amene sindinapemphe kuti andimasulire. Ndinaima pamutu pawo. Ndinawaitana ndi dzina. Atakhala chete ndinaliza wezulo, ndinapukusa chingwe, anatuluka ali m'kati mwa lamba wawo.

Ndinkaganiza kuti zatha. Koma Mayi Mhango anadikira kuti apongozi aime pafupi, ndipo anafunsa momveka bwino.

"Adada akakomoka zenizeni pansi apo, mulowa?"

"Sindilowa."

"Ngakhale akuitaneni?"

Ndinayang'ana mtengo wa mango. Sunandithandize.

"Ngakhale andiitane."

Ndinakhoza. Apongozi anauza mtengowo kuti amva.

Satifiketi ili pakhoma la ofesi ya bwana, ndipo sindikukhulupirira kuti anaiwerengapo. Mphwake uja akadali ku boma. Mutu wa kampango tsopano umapita kwa mkamwini mnzanga wogulitsa mayunitsi, munthu amene sanafunsidwepo funso lililonse lovuta pamoyo wake. Mukandifunsa chimene ndinaphunzira, ndinganene kuti kwathu kuno kufa mopusa kumakupatsa ulemu msanga kuposa kusunga munthu ndi moyo, ndipo nthawi zina ndikaona mbale ya mnzangayo ndimasowa masiku amene ndinali mtembo.

Apongozi sanabwererenso ku nkhaniyi. Panjira ndimapatukirabe m'chinangwa. Koma tsiku lotsuka thanki likafika, salola wina aliyense kuwaveka lamba. Amakaima pamthunzi paja, amakweza manja m'mwamba, n'kuuza mtengo wa mango kuti umange zolimba.